Kodi wogulitsa mu bala amukane mowa mayi woyembekezera?

Funso lachokera kwa mtsikana wina wogulitsa pa bala ina ku Lilongwe. Akuti: "Anesi, Loweruka lapitali kunabwera mayi wina mimba ili apo, ali ndi amuna awo ndi anzawo, nkuitanitsa ma Savanna awiri. Ine ndinakana kuwapatsa, ndinawauza kuti sindingaphe mwana ndi manja anga. Mayiwo anandilalatira, bambowo anapita kwa abwana, abwana nkundiuza kuti pano si pachipatala, ukadzabwerezanso ntchito yatha. Kodi ndinalakwa? Si bwino pangokhala lamulo loti tiziwakana?"

Achemwali, poyamba pepani, kukalipiridwa pamaso pa makasitomala kumawawa makamaka pamene iwe mwini ukudziwa kuti sunapange dala mwano. Ine ndine mzamba, zaka zanga zambiri zathera mu leba ndi ku sikelo ya amayi oyembekezera, nde ndikuyankhani ngati munthu amene amawalandira anawo akamabadwa. Pa zoti mowa umaononga mwana mmimba simunaname olo pang'ono. Koma pa zokana kugulitsa paja ndi zoti pakhale lamulo, apo nde tisiyana, ndipo musandikwiyire musanamve chifukwa chake.

Tiyambe ndi mowawo. Mayi akamwa, mowa umalowa mmagazi, ndipo magazi omwewo ndi amene amapita ku nsengwa kukadyetsa mwana. Nsengwa imatchinga zinthu zina koma mowa siyiutchinga, umangodutsa ngati madzi pa sefa, moti pakangopita ola limodzi kapena awiri mlingo wa mowa mmagazi a mwana umakhala utayandikana ndi wa mayi ake. Kusiyana kwake nkoti mayi ali ndi chiwindi chokhwima chomwe chimauphwanya mowawo pamene chiwindi cha mwana chikadali chanthete, ntchito imeneyo sichingaithe, komanso mwana amakodzera mmadzi omwe akukhalamo aja nkumawamezanso, nde mowa umachedwa kuchoka kwa iye. Ndipo chomwe umakaononga kwambiri ndi ubongo. Ukhoza kuchititsa kupita padera, mwana kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi, kapena kufera mmimba, koma chomwe chimandipweteka ine nchakuti ana ambiri okhudzidwa amabadwa akuoneka bwinobwino, timawapukuta, timawayeza pa sikelo, mayi amatuluka akusangalala, vuto limadzaoneka mwana ali Sitandade 1 kapena 2.

Pali kamnyamata kena komwe sindimakaiwala. Anabwera nako ndi agogo ake, zaka zisanu ndi ziwiri koma thupi ngati ka zaka zinayi, mutu waung'ono, timaso tating'ono, mlomo wammwamba wopyapyala, ndipo kangalande kamene tonse tili nako pakati pa mphuno ndi mlomo kwa iko kunali see, kosalala. Sikamakhala pansi, kanatsegula madilowa onse a mu ofesi, kanatenga tepi yanga yoyezera mimba nkumakoka ngati galimoto. Agogo aja anati aphunzitsi atopa nako, lero kaphunzira a e i o u mawa kaiwala, kunyumba akakatuma mchere kamabwera ndi machesi, akakamenya mawa kabwerezanso zomwezo, ndipo anali atapita nako kwa asing'anga awiri poganiza kuti kanalodzedwa. Nditafunsa za mayi ake anati amatcheza kachasu, ndipo inu mukudziwa wotcheza amalawa, mutu ukayamba kudontha alawe, kasitomala akabwera amugulirenso kapu, tsiku ndi tsiku mpaka mimba inakwana. Mayi uja sanali munthu woipa ayi, kachasuyo ndi amene ankagula ufa pakhomopo, ndipo panalibe anamuuzapo. Kamwanako palibe jekeseni kapena piritsi lomwe lingabwezere ubongo wake mmalo, chomwe chimathandiza ndi kuleza nako mtima ndi kukaphunzitsa pang'onopang'ono bas.

Matenda amenewa azachipatala anachedwa kuwapatsa dzina. Dokotala wa ana wa ku Nantes ku France, Paul Lemoine, analemba mu 1968 za ana 127 obadwa mmabanja a zidakwa omwe ankafanana nkhope ngati apachibale, koma anthu sanamumvere kwenikweni. Mu 1973 madokotala awiri a ku Seattle ku America, Kenneth Jones ndi David Smith, ndi omwe anawatcha fetal alcohol syndrome, kutanthauza kuvulala kwa mwana ndi mowa akadali mmimba, ndipo masiku ano timati FASD pofuna kuphatikiza ana ambirimbiri omwe nkhope ili bwino koma ubongo unakhudzidwa. Kwa aneba athu ku South Africa nde vuto lake ndi lalikulu, kuli mitauni ina ku Western Cape ndi Northern Cape komwe akafukufuku anapeza mwana woposa mmodzi pa ana khumi aliwonse oyamba sukulu ali ndi vutoli, ndipo muzu wake ndi zomwe ankati dop, azungu a minda ya mphesa ankalipira antchito gawo lina la malipiro ndi vinyo, mibadwo nkumakula ikudziwa kuti kuweruka ndi kumwa. Abale athu omwe akugwira ntchito mmalesitilanti a ku Cape Town angakuuzeni zomwe amaona.

Nde funso lomwe amayi amakonda kundifunsa nloti nanga botolo limodzi? Zoona zake nzoti chiopsezo chachikulu chili pa kumwa kwambiri, kumwa tsiku lililonse kapena kukhuthula mabotolo anayi kapena kuposa pa nthawi imodzi ngati mmene timachitira pa ukwati kapena pa mapeto a mwezi. Koma palibe amene anapeza mzere woti apa nde pabwino, matupi amasiyana, mayi wosadya bwino kapena wosuta mwana wake amavulala msanga, nchifukwa chake ngakhale ku Britain komwe kale ankalola pang'ono anasintha mu 2016 nkunena kuti chabwino ndi kusamwa konse. Inenso ku sikelo ndimanena zomwezo, olo dontho.

Apa mwina mukuti nde anesi mukugwirizana nane bwanji. Dikirani.

Nkhope ya mwana, mtima, msana ndi maziko a ubongo zimaumbika masabata oyambirira enieni, kuyambira cha mma sabata achitatu mpaka achisanu ndi chitatu, nthawi yomwe mimba siyioneka olo atavala thauzi yothina, pena mwini wake sanadziwe nkomwe, akungoti mwezi uno wachedwa. Ndikhoza kubetcha kuti chaka chino mwaperekapo mowa ndi manja anu omwewo, mukumwetulira, kwa mtsikana wa mimba ya mwezi umodzi. Ndipo kwathu kuno mukudziwa mimba yaing'ono siyilengezedwa, timabisa mpaka chitenje chikane chokha, ena kuopa afiti ena kuopa pakamwa pa anthu, ngakhale ku sikelo komwe timafuna ayambe miyezi itatu isanathe ambiri amatipeza mimba ili ya miyezi isanu. Nde lamulo loti wa pa kauntala aziyang'ana mimba lingagwire okhawo omwe mimba yatuluka, enawo adutsa. Sindikuti mowa pa miyezi isanu ndi iwiri ulibe vuto ayi, ubongo umakula miyezi yonse isanu ndi inayi ndipo kusiya nthawi ina iliyonse kumathandiza mwana, ndikungoti maso anu si sikani.

Ndipo maso amanama. Ine amene ndagwira mimba zosawerengeka ndinayamba ndamufunsapo mayi pa benchi kuti mwabwera ndi buku la sikelo, iye nkundiyankha kuti anesi ine ndabwera ndi zotupa za mchiberekero, zaka zisanu ndi zitatu ndikufuna mwana. Ndinachita kusowa poyang'ana. Pali amayi onenepa chabe, pali amene achira masabata atatu apitawo mimba sinabwerere, pali odwala chiwindi omwe mimba imadzadza madzi. Ndiye pali uyu amene ndimamuganizira kwambiri, mayi woti mwana wafera mmimba, tamuchiritsa, wabwerera kunyumba ndi beseni ndi matewera koma manja ali lende, thupi likuonekabe ngati wapakati, patapita masabata mchemwali wake akuti tiye ukapitidweko mphepo, afika pa bala panu nkuitanitsa kabotolo kamodzi, inu nkunena mokweza kuti sindingaphe mwana ndi manja anga. Taganizani mawu amenewo akugwera munthu ameneyo. Mukalakwitsa kamodzi kokha kotere simudzaiwala.

Tsono tinene kuti simunalakwitse, mayi wa Loweruka uja analidi woyembekezera. Mutamukana chinachitika nchani? Simunandiuze koma ndikudziwa mmene zimathera, bambo amadzuka nkukagula yekha pa kauntala, kapena gulu lonse limasamukira bala yoyandikana nayo, mowa womwewo nkumwedwa, mwinanso wochuluka chifukwa tsopano akumwa ndi mkwiyo. Amene ndalama zake nzochepa akathamangitsidwa pa malo oonekera amakathera kwa mayi wa kachasu kapena pa timabotolo ta midoli, komwe palibe amene amayeza mphamvu yake ndipo palibe amene angamuuze kuti basi zakwana. Tinaziona boma litaletsa mowa wa mmasacheti, ludzu silinathe, linangosintha chotengera. Mwana amene mumafuna kumuteteza uja sanapindule kanthu, chomwe chasintha nchoti mayi ake aphunzira kubisa.

Kubisako ndi komwe kumatipha ife ku chipatala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limatilangiza kuti mayi aliyense wobwera ku sikelo tizimufunsa za mowa, ndipo timafunsadi, koma mayi amene anachititsidwapo manyazi pagulu amangoti ayi anesi ine ndi wa mpingo, fungo lili phuu. Amene amandiuza zoona ndi amene sanaweruzidwepo, ndipo ndi yekhayo amene ndingamuthandize. Pali china chomwe anthu ambiri sadziwa, mayi amene thupi linazolowera mowa, woti mmawa manja amanjenjemera mpaka alawe, sayenera kusiya mwadzidzidzi payekha, akhoza kugwa nkuyamba kuphupha ngati wakhunyu ndipo zimenezo ndi zoopsa kwa iye ndi mwana yemwe. Ameneyo amafunika kusiyitsidwa ali mmanja mwa achipatala. Kumulanda botolo pa kauntala si mankhwala.

Mayiko ena anakangana kale pa nkhani yanuyi. Mu 1991 pafupi ndi Seattle, mzinda womwe uja matendawa anapatsidwira dzina, maweita awiri anachotsedwa ntchito atayesa kuletsa kasitomala woyembekezera kumwa kapu imodzi, nkhani inadzadza manyuzipepala, ena akuti ndi ngwazi ena akuti alowerera za eni, nde simuli nokha achemwali. Ku New York mu 2016 bungwe la mzindawo loona za ufulu wa anthu linanena poyera kuti bala kapena lesitilanti yokana kugulitsa mowa kwa mayi chifukwa choti ndi woyembekezera ikuchita tsankho, koma mzinda womwewo umakakamiza mabala kupachika chikwangwani chochenjeza kuti mowa umavulaza mwana wosabadwa. Ku England mu 2014 khoti la apilo linagamula kuti mayi amene anamwa kwambiri ali ndi pakati, mwana nkubadwa wolumala ubongo, sanapalamule mlandu pa malamulo a dzikolo. Sikuti anthu amenewa sakonda ana ayi. Anaona kuti ukapatsa munthu wa pa kauntala mphamvu yoweruza thupi la mzimayi poliyang'ana, mawa wa pa golosale akana kumugulitsa fodya, wa kabaza akana kumukweza, ndipo amene akuvutika ndi azimayi onse a msinkhu wobereka, oyembekezera ndi osayembekezera omwe. Njira yomwe ambiri anasankha ndi youza anthu, ku America chenjezo lili pa botolo lililonse kuyambira 1989, ku France kuyambira 2007 mabotolo ambiri ali ndi kachithunzi ka mayi wamimba atanyamula kapu kodulidwa ndi mzere, Australia ndi New Zealand anakakamiza chizindikiro chawo mu 2023.

Nde ine ndikanakhala inu Loweruka lija ndikanatani? Sindikanakhala chete, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi, koma kutsina khutu sikuchitika pa maikolofoni. Ndikanatenga oda bwinobwino, pobweretsa ndikanawerama pafupi ndi mayiyo ngati ndikupukuta tebulo nkunena motsitsa mawu kuti asisi pepani ndisakulowerereni, ngati muli oyembekezera chakumwa ichi chimafika kwa mwana, ndili ndi juwisi wozizira ndi Fanta ngati mungakonde. Kamodzi kokha, ndi mawu oti ngati, kuti amene sali woyembekezera athe kungoseka nkuti ayi ndi nsima iyi. Mudzadabwa, ena amati zoona eti, ndimaona ngati Savanna si mowa weniweni. Ambiri amaganizadi choncho, kuti saida ndi vinyo wotsekemera ndi zakumwa za azimayi zofatsa, chonsecho mukawerenga pa lebulo saida amafanana mphamvu ndi Green pena kuposa, vinyo nde amapitirira kawiri. Ena anauzidwa ndi apongozi kuti stauti imaonjezera magazi, bodza limenelo, ayironi yemwe ali mu botolo la stauti ndi wochepetsetsa, magazi amaonjezereka ndi mapiritsi omwe timapereka ulere ku sikelo aja, ndi nyemba, bonongwe, usipa, chiwindi cha nkhuku apo ndi apo. Ena amati Chibuku ndi phala, ndi chakudya. Chimakhutitsa inde koma mowa ulimo ndipo paketi ndi lita yathunthu, yomwenso imapitirira kuwira ikamakhala. Olo thobwa likagonera masiku nkuyamba kululuza lilime si thobwa lomwe lija.

Akakana malangizo anu nkuti ndipatseni, ndi munthu wamkulu, mpatseni, inu mbali yanu mwachita. Ngati mtima ukukanirani ndithu, ndipo ine sindingakunyozeni pa chimenecho, pemphani mnzanu wa pa shifiti atenge tebulo limenelo mwakachetechete, osati kupanga chionetsero. Chomwe simuyenera kuchita ndi kumukopa, zija zoti ndibweretse ina, kapena lero kuli pulomoshoni gulani awiri wachitatu ndi waulere, botolo likatha musathamangire kukatsegula lina asanaitanitse, ikani madzi pa tebulo, mufunseni ngati akufuna chipisi kapena kanyenya. Musamunamizenso pomuthirira madzi kapena kumusinthira chakumwa mobisa, akazindikira nde mwataya kasitomala, ntchito ndi mwayi woti adzakumvereni tsiku lina. Koma munthu amene waledzera kale, akudzandira, mawu akukokeka, ameneyo mukaneni kaya ndi wamimba kaya ndi bambo wa kitchini pate ya dzulo, ndipo chifukwa chake muzinena chomwecho, mwakhuta akulu, osatchula mimba. Chimodzimodzi mwana wosakwana zaka 18, pamenepo nde lamulo lilipo kale ndipo ndi lomwe mabala ambiri amaliphwanya tsiku lililonse popanda amene akudandaula.

Mwa anthu onse a mu nkhani yanu amene wandikwiyitsa ine si mayiyo, si abwana anunso, ndi bambo uja. Ndalama inatuluka mthumba mwake, mimba ndi yake, ndipo mphamvu zomwe anathera kukakunenezani akanathera kunena kuti amayi lero tonse timwe Sobo. Ku sikelo ndimaona kuti mayi amasiya msanga ngati mwamuna naye wachepetsa, koma ngati bambo akubwera ndi kireti kunyumba Lachisanu lililonse, anzake ali pakhonde nyimbo zili mmwamba, mkazi azingoyang'ana miyezi isanu ndi inayi? Pena mkazi amatsatira ku bala osati chifukwa cha ludzu koma kulondera banja, mukudziwa zomwe ndikunena. Timati wapakati chifukwa ali pakati pa moyo ndi imfa, koma timamusiya pakatipo yekha. Nde tsiku lina mukadzaona mpata, bambo akabwera yekha pa kauntala kudzalipira bilu, mawu aja muwauze iwowo, achimwene mukudziwa kuti zomwe akumwa alamuwo akumwanso ndi mwana wanu? Amuna ambiri sanauzidwepo, ku sikelo amabwera kamodzi kudzayezetsa magazi bas.

Ndipo kwa owerenga amene mtima wagunda chifukwa munamwa pa Khirisimasi kapena pa bridal shower musanadziwe kuti muli ndi pakati, musadzizunze ndipo musathamangire zoopsa, ana ambiri otere amabadwa bwino, chofunika siyani lero ndipo mukamuuze nesi zoona, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, sitikumenyani.

Za abwana anu, musakakangane nawo za Loweruka, pa mawu oti pano si pachipatala sananame kwenikweni ndipo ntchito ikusowa. Apezeni masana bala isanadzadze, muwauze kuti bwana zija ndamva sindidzakananso kasitomala, koma ndikupempha tipachike kapepala. Pepala la A4 lokha, lolembedwa Chichewa ndi zilembo zazikulu kuti mowa umafika kwa mwana amene ali mmimba, woyembekezera asamwe, limodzi pafupi ndi furiji lina kuseri kwa chitseko cha toileti ya azimayi komwe munthu amawerenga ali yekha popanda womuyang'ana, linanso ku ya abambo. Limenelo limalankhula ndi mtsikana wa mimba ya mwezi umodzi uja amene inu simungamuone. Muwauzenso kuti mu furiji muzikhala zozizira zopanda mowa zooneka bwino, zothiridwa mu galasi ndi ayisi ndi kandimu, chifukwa ena amaitanitsa mowa kungoopa kuoneka otsalira pa tebulo kapena kuopa kuti anzawo azindikira, ndipo pa juwisi abwana amapezanso phindu, nde sangakane. Akafuna tsiku loyambira auzeni 9 September, ndi tsiku lomwe dziko lonse lapansi limakumbukira za FASD kuyambira 1999, mwezi wachisanu ndi chinayi tsiku lachisanu ndi chinayi kukumbutsa miyezi ya mimba, koma ine ndingakonde mupachike sabata ino.

Mayi uja akadzabweranso, ndipo amabweranso anthu amenewa, mukamupatse moni ndinu oyamba. Muwauze kuti asisi tsiku lija ndinalankhula mokweza pepani, nkhawa yanga inali pa mwanayo. Mwina akutukwanani kachiwiri, mwina akufunsani kuti nanga limodzi lokha lili ndi vuto, ndipo akafunsa choncho muwayankhe zomwe ndakuuzani zija za nsengwa ndi chiwindi, kenako muwafunse ngati anayamba sikelo.